Dontho Limodzilimodzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kuchita manyazi ndi mayi anga. Ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Kamwendo, ndipo anzanga kusukulu ankanditcha Mutu, dzina la kachasu woyamba kudontha, waukali uja. Dzinali linkandiwawa koopsa. Munthu akandifunsa ntchito ya mayi, ndinkangoti amalima mtedza.

Zida zawo sizinali zoonetsa alendo: mtsuko womata pakamwa ndi dothi, paipi yodutsa m'tayala lodula lomwe dalaivala wina wa lole anataya, ndi botolo kumapeto. M'tayalamo ankathiramo madzi ozizira.

Loweruka lina masana anaitanidwa kukayeserera nyimbo za chipani, koti munthu sankakana, ndiye anandisiyira moto. Posakhalitsa ndinamva anzanga akubwera kudzanditenga kumpira. Pofuna kuti ntchitoyo ithe asanandione, ndinasonkhezera nkhuni zonse nthawi imodzi. Mtsuko unabwata, phala la gaga linakwera m'paipi, m'botolo munadzaza zambuu ngati thobwa. Fungo lopserera linafika mpaka kumsewu.

Mayi atabwerako ndinkadikira mbama, koma sinabwere. Anaphula nkhuni, nagwira dzanja langa n'kuliviika m'tayala muja. Madzi anali otentha.

"Wamva? Madziwa akatentha, nthunzi imangodutsa. Moto ukachuluka, zonse zimakwera pamodzi, zabwino ndi zinyalala zomwe. Ntchito iyi ndi ya dontho limodzilimodzi, mwanawe. Umathamangira chiyani?"

Kenako anataya madzi otenthawo n'kuthiramo ena ozizira.

Patapita zaka, boma linanditumiza kunja kukaphunzira uinjiniya wa makemikolo, poti kuno kwathu maphunzirowo kunalibe. M'chaka chachiwiri anatipatsa zida zagalasi zoti tilekanitse spiriti ndi madzi. Anzanga anakweza moto kuti amalize msanga. Ine ndinangoona mtsuko wa mayi utavala suti. Ndinagwira paipi ndi kuseri kwa dzanja, ndinachepetsa moto, n'kudikira. Zanga zokha ndizo zinatuluka bwino.

Mphunzitsi wathu anandifunsa kuti ndinagwirapo ntchito kufakitale iti. Bodza la mtedza lija linafika pakamwa mwachizolowezi, koma ndinalimeza.

"Anandiphunzitsa ndi mayi anga. Amatcheza kachasu," ndinatero, ndipo ndinachita kumufotokozera kuti kachasu n'chiyani.

Mlungu womwewo ndinawalembera kalata yothokoza. Mayi sankadziwa kuwerenga, choncho anawawerengera ndi mlongo wanga, yemwe analembanso yankho lawo. Pamapeto panali mawu akuti, "Muuzeni Mutu asamaiwale kusintha madzi."

Ndinakhala pansi ndi kalatayo, misozi ili m'maso. Kani dzina lija ankalidziwa nthawi yonseyi, ndipo ankadziwanso chimene ndinkathamangira tsiku lija. Sanandikalipire, anangondidikira mmene ankadikirira botolo lawo. Lero ndikapita kumudzi, akandiitana kuti Mutu ndimayankha kuti wawa.