Pakona ya foni ya Adada

Adada, lero ndimafuna chingwe chomangira fodya m'chikwama chanu chakale chija, ndiye ndapezamo foni yanu ya tachi. Ndangokhala pansi m'chigafa momwemo, ntchito ndaisiya. Ndatopa, Adada. Chichokereni inu padziko pano, munda wa ku Chulu ndikulima ndekha, ndipo msana wayamba kukana.

Mukukumbuka tsiku lomwe munabwera nayo kuchokera ku boma? Inalibe mabatani, galasi lokhalokha ndi kandodo kodinira, komwe munakataya sabata yomweyo. Zala zanu zinali zikuluzikulu, zomata utomoni wa fodya, moti mukati mutsetsereze chala kuti itseguke, foni imangokuyang'anani. Munakalipa kuti, "Chinthu chanji chofuna kusisitidwa ngati mphaka!" Ndinakuonetsani kangapo, kokerani uku, dinani apa, mpaka nane mtima unakwera. Mapeto ake munasongola kamtengo ndi mpeni n'kunena kuti, "Iwe, ungondiikira dzina lako pakona apa. Zinazi n'za ana." Kamera simunaigwirepo, nyimbo ayi. Nthawi imeneyo ndinkagulitsa m'sitolo ku Mtunthama, ndipo mumandiimbira ngakhale kungondiuza kuti kwagwa mvula.

Foniyo siyakanso, batire linatupa kalekale. Koma nditaipendeketsa padzuwa ndaona kuti galasi lonse n'losalala see, kupatula pakona paja. Pamenepo kamtengo kanu kanakumba kadzenje. Ndadinapo ndi chikhadabo kawiri, Adada, kenaka ndatulutsa foni yanga m'thumba, kudikira kuti iitane.