Nsomba Imene Munaibweza M'madzi

Bambo a Tadala, miyezi itatu yatha chimwalirireni inu. Lero ndadutsa pa kanalo, ngalande yaikulu ija ya ku Maryhill kuno kunja, ndapeza madzi aundana pamwamba, abakha akungoterereka. Ndaima pamenepo mpaka basi yandisiya.

Ndakumbuka tsiku lija munandikakamiza kukuperekezani kowedza pa kanalo pomwepo. Titadikira maola awiri tikunjenjemera ndi kuzizira, munakola nsomba yaitali ngati mkono wanga. Ine mumtima ndinali nditaikazinga kale ndi tomato. Koma inu munaichotsa pa mbedza mosamala, n'kuibweza m'madzi. Ndinakuwa, "Abale inu, mwataya ndiwo!" Munaseka mpaka kutsokomola, kenako munati, "Mayi a Tadala, pano lamulo ndi lobweza. Ngakhale ku Canada, kumene amaboola nyanja youndana n'kuwedza pabowo, munthu amamuikira malire. Tikamaliza zonse, Tadala adzawedza chiyani?" Ndinakukwiyirani njira yonse, inu mukundinyengerera kuti tsiku lina tidzapita kukaona mabowo amenewo.

Dzulo Tadala anatulutsa ndodo yanu yowedzera, akuti ndimumangire mbedza. Ndinayesa kanayi, mfundo yake ikungomasuka. Munkaimanga bwanji, bambo? Ine nthawi zonse ndinkayang'ana nkhope yanu, osati manja.