Anaika chitsulo m'mimba mwa bambo anga, lero akuti sakuwadziwa

Bambo anga ali ndi chitsulo m'mimba, ndipo palibe dokotala amene akufuna kuchikhudza. Ndikulemba mtima ukuwawa, mundimvetse.

Bambo amalima mpunga ku Bwanje. Chaka chatha nthawi yokolola anayamba kumva ululu kumanja, pansi pa nthiti. Thupi kutentha, kusanza, maso chikasu. Kuchipatala atawajambula anati ndulu yatupa, yadzaza mafinya, timiyala tatseka njira. Opareshoni anakana, akuti mtima wawo ndi wofooka. Anatitumiza kuchipatala china cha pulaiveti mumzinda, akuti kwabwera madokotala alendo odziwa njira yatsopano.

Anatilandira ngati akuchikwati. Tiyi, mpando, "khalani apa mayi." Ine pompo ndinayamba kukayika. Zinayamba liti kuti munthu wa ku Golomoti wovala patapata alandiridwe chonchi m'tauni? Kenako akuti sitilipira kanthu. Zaulere! Nditafunsa chifukwa, nesi anangomwetulira, akuti mwayi watigwera.

Dokotala wina wakonkuno anandifotokozera mothamanga. Akuti awagonetsa, alowetsa paipi ya kamera kudzera pakamwa, aboola pang'ono kuchokera m'matumbo kukafika ku ndulu, n'kuikapo kapaipi kachitsulo kuti mafinya azitsikira m'matumbo. Ndinafunsa kuti kachitsuloko kadzatuluka liti. Anati tidzakambirana. M'chipindamo munalowa anthu ambiri kuposa a pamsonkhano wa alimi kusikimu ya mpunga. Ine, mwana wawo, anandisiya panja.

Chilungamo chake, bambo anachira. Anabwerera kumunda mpaka kuokera mpunga okha. Koma zokambirana zija sizinachitike, ngakhale foni sanatiimbire.

Mwezi uno zayambiranso. Kunjenjemera, kusanza, maso ayambanso chikasu. Ndinawakweza pakabaza kupita kukachipatala ka kufupi ndi kwathu. Wachipatala nditamuuza za chitsulo anakweza malaya a bambo, kuyang'ana pamimba, kuyang'ana ine. Akuti, "Mayi, opareshoni yopanda chipsera munaiona kuti? Munali maso kapena munalota?" Anatipatsa mapilitsi opha ululu basi.

Lachiwiri tinalawira pa minibasi kubwerera mumzinda muja. Tiyi uja? Iwalani. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, bambo atatsamira phewa langa. Mtsikana wa pakompyuta anati dzina lawo mulibemo, sakuwadziwa. Nditakweza mawu m'pamene anatulutsa dokotala. Uyu akuti alendo aja anabwerera kwawo, makina anapita nawo, pano palibe amene angachikhudze. N'kundikalipiranso kuti chitsulocho chinayenera kuchotsedwa kalekale, bwanji sitinabwere. Abale inu! Anatiuza ndani? Mnzake akudutsa anati ayi, zimenezo zimakhala moyo wonse. Madokotala awiri, khonde limodzi, mayankho awiri. Ine ndimvere uti?

Tikutuluka, bambo anaima n'kundikoka chitenje. "Esinati, si ine uyo?"

Pakhoma pafupi ndi chipata pali chithunzi chachikulu ngati chitseko. Bambo ali pabedi, alendo atawazungulira, onse mano poyera. Ndinabwerera kukamukoka mtsikana uja. Ndinati achemwali, munthu simukumudziwa uja si uyu? Akuti zithunzi ndi za ofesi ina. Ndinagwa mphwayi.

Tsono ndikufunsa inu a chipatala cha mumzinda. Bambo anga munkawachiritsa kapena munkaphunzirirapo? Odwala ndulu m'tauni munalibe, mpaka kusankha mlimi wakutali amene mumadziwa kuti kubwerera n'kovuta? Ngati zinali zachilungamo, dzina lawo lasowa bwanji pamene nkhope yawo mukuitanira makasitomala? Nanga ndi angati ena akuyenda ndi zitsulo zanu ku Mua ndi ku Mtakataka, osadziwa tsiku lozichotsa?

Anzanga, akakuuzani kuti zaulere, funsani kaye kuti alendo akapita adzakuonani ndani. Asakuyankheni ndi tiyi.

Titatsika pa Golomoti bambo analephera kukwera kabaza, anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Anati, "Mwanawe, usandinyamulenso, ndatopa. Ndikafa udzawauze osambitsa maliro kuti m'mimbamu muli katundu wa eni ake. Ngati akumufuna adzatenge ndisanaikidwe, asadzandifukule."

Inu eni chitsulo, ine uthenga umenewo sindikapereka. Bambo ali moyo, akutentha thupi panopa. Tiuzeni dokotala amene awaone sabata ino.