Mpaka pa Bezi Yoyamba

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa Sitandade 4 pa sukulu ina ya kumtunda kwa Nsipe, ahedi anandituma ku Boma kuti ndikaphunzire masewero amene ndinali ndisanawamvepo chibadwire. Anasankha ine chifukwa pa aphunzitsi onse wamng'ono ndinali ine, ndipo wamng'ono sakana ntchito. Tinakhala masiku awiri tikuphunzitsidwa za sofutibo ndi tiibo. Sofutibo anali wa ana akuluakulu, wina kuponya mpira, wina kuumenya ndi chibonga. Ife a makalasi ang'onoang'ono anatipatsa tiibo. Mu tiibo mulibe woponya. Mpira amaukhazika pa kachipilala ka labala kofika m'chiuno, mwana n'kuumenya uli phee, kenako n'kuthamanga kuzungulira malo anayi otchedwa mabezi. Mpira ukamutsogolera pa bezi, ndiye kuti wafa. Akazungulira onse n'kubwerera pomwe anayambira, chimenecho n'chigoli.

Ndinabwerako ndi chikwama cha zibonga ziwiri, mipira inayi yofewa, kachipilala kaja, ndi malamulo a m'Chingelezi okwana masamba atatu. Malamulowo anali osinthidwa dala kuti agwirizane ndi ana a sukulu. Timu inkayenera kukhala ya ana khumi ndi awiri, anyamata ndi atsikana mofanana, ndipo aliyense wolembedwa ankayenera kumenya nthawi yake ikakwana. Timu ikagoletsa zigoli zisanu ankasinthana, kuti ofooka asachite manyazi. Mwana wotaya chibonga mwachisawawa akamenya ankafa pomwepo. Ndili m'minibasi pobwerera, ndinapeza lamulo lina m'munsi mwa tsamba lachiwiri, lonena kuti mwana wolumala kapena wovulala angathe kukhala ndi mnzake womuthamangira. Ndinalidula mzere kunsi ndi cholembera chofiira, chifukwa nthawi yomweyo ndinaganiza za mwana wina wa m'kalasi mwanga.

Anali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, wokhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Mwendo wake wakumanzere unali waufupi ndi wowonda kuchokera pamene anadwala ali khanda, moti ankayenda motsimphina, dzanja lili pa bondo. Nthawi ya masewero ntchito yake inali kusunga majuzi a anzake pansi pa mtengo. Tsiku limene ndinamupatsa chibonga anayang'ana kumbuyo, kuganiza kuti ndikupatsa wina. Anaima mopendekeka, n'kumenya kamodzi. Mpira unadutsa bwalo lonse n'kukagwera m'munda wa kachewere wa anthu oyandikana ndi sukulu. Ana anakuwa. Iye anangogwira pakamwa.

Patapita masiku ochepa kunabwera uthenga woti kudzakhala mpikisano wa masukulu anayi pa bwalo lina pafupi ndi msika wa Nsipe. Ndinamulemba mtsikanayo pa mndandanda. M'mawa mwake mayi ake anafika pasukulu belu lisanalire. Anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu waukulu ku Nsipe komweko.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mukufuna kukamuonetsa mwana wanga kwa anthu a pamsika," anatero atandipatsa moni.

"Ayi mayi, sikumuonetsa. Mwana wanu amamenya kuposa anyamata onse."

"Kumenyako sindikukana. Koma anthu a pamsika paja ndimakhala nawo tsiku lililonse, pakamwa pawo ndimapadziwa. Mwanayu akathamanga adzamuseka, ndipo dzina limene adzamupatse tsiku limenelo adzakula nalo."

Ndinatulutsa pepala lija n'kuwaonetsa mzere wofiira. Ndinawamasulira kuti mwanayo sadzathamanga, iye kwake n'kumenya basi, wothamanga adzakhala wina.

"Mukunena zoona?"

"Ndikulonjeza, mayi. Sadzasuntha phazi."

Iwo anati, "Chabwino. Ndamusiya m'manja mwanu."

Tinakonzekera masabata asanu ndi limodzi. Mabezi athu anali matumba a feteleza othiramo mchenga. Womuthamangira anali msuweni wake wa m'kalasi momwemo, kamtsikana kaliwiro ngati gwape. Ankaima pambali pake, mpira ukangolira n'kuliyatsa. Ndinkachita mantha ndi zinthu zambiri masiku amenewo, makamaka anyamata anga amene ankataya chibonga ngati akugenda mango, koma za mtsikana uja mtima unali m'malo.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Tinatsika phiri pa lole ya kholo lina, ana atakumbatirana chifukwa cha kuzizira. Pofika pabwalo tinapeza anthu atazungulira kale: makolo, anyamata a kabaza ataimika njinga zawo, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe. Mayi a mtsikana uja ndinawaona ataima chapatali, atavala chitenje chatsopano. Kachewere wawo anali atasiyira mnzawo.

Woyimbira anali mphunzitsi wa ku sekondale, bambo wa imvi pang'ono, mmodzi mwa amene anatiphunzitsa ku Boma. Anaitana aphunzitsi a matimu onse kuti atikumbutse malamulo. Atamaliza ndinati, "Bambo, ine ndili ndi mwana wa vuto la mwendo. Womuthamangira aziima mbali iti pamene akumenya?"

"Aziima pafupi ndi bezi yoyamba, kudikira kuti mnzakeyo afike," anayankha.

"Afike bwanji? Sathamanga."

Anatsegula pepala lake, n'kundionetsa lamulo lomwe lija m'munsi mwa tsamba lachiwiri. Kenako anatembenuza. Pamwamba pa tsamba lachitatu panali mizere iwiri yopitiriza lamulolo, yonena kuti womenya ayenera kufika yekha pa bezi yoyamba, womuthamangira azilandira kuyambira pamenepo. Mizere imeneyo ndinali nditaidutsa kangapo konse, ndikuganiza kuti ndi mapeto a nkhani ina.

"Bambo, chonde. Ndinalonjeza mayi ake."

Mphunzitsi wa sukulu imene tinkayamba kusewera nayo anati iye alibe nazo vuto. Koma wa sukulu ina ananena kuti nayenso ali ndi mnyamata amene anabinya phazi, ndipo anamusiya kunyumba chifukwa cha lamulo lomwelo. Woyimbira anapukusa mutu.

"Madamu, ndikumva chisoni, koma ndikasinthira inu ndiye kuti ndawalakwira awa. Mukafuna muchotseni, koma muchotsenso mnyamata mmodzi kuti akhale ofanana. Mukamusiya pa mndandanda osamenya, nthawi yake ikakwana ndiziwerenga kuti wafa."

Ndinayenda kuchokera pa kachipilala kukafika pa bezi yoyamba ndikuwerenga mapazi anga. Anakwana makumi awiri ndi awiri. Pansi panali ponyowa, ndipo mbali yomweyo ndi imene anaima anyamata a kabaza. Ndinalakalaka mvula itagwa yamphamvu kuti tonse tibalalike. Ndinaganizanso zongokhala chete, kumuuza mtsikanayo kuti anamizire kudwala mutu akhale pansi. Koma iye anali atavula kale juzi, akupukuta chibonga ndi siketi yake.

Ndinapita kwa mayi ake.

"Mayi, ndalakwitsa. Lamulo lija sindinaliwerenge lonse. Akuti afike yekha pa thumba loyamba lija."

Anayang'ana thumbalo, anayang'ana anyamata a kabaza, kenako ine.

"Munalonjeza, aphunzitsi."

"Ndinalonjeza. Mukanena kuti asasewere, sasewera. Mlandu ndi wanga."

Sindinadziwe kuti mtsikanayo ananditsatira. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Amayi, ndifika."

"Iwe, ukagwa pamaso pa anthu onsewa?"

"Ndidzuka. Popita kudimba ndimagwa, ndimadzuka."

Mayi aja anamasula chitenje n'kuchimanganso mwamphamvu. Sanavomere, sanakane. Anangoti, osandiyang'ana, "Chitani zimene mwaganiza."

Masewero anayamba. Za ana ena sindikumbuka zambiri, kupatula kuti mnyamata wanga mmodzi anataya chibonga monga mwa nthawi zonse n'kufa. Maso anga anali pa mndandanda, ndikuwerenga kuti kwatsala angati. Mtsikana uja anali wachisanu ndi chiwiri. Atafika pa kachipilala, phokoso linachepa. Anamenya mofulumira kwambiri, mpira unangokwawa pansi n'kupita m'manja mwa mnyamata wa timu inayo, amene anauponya pa bezi yoyamba iye asanayende ndi mapazi asanu omwe. Woyimbira anakweza dzanja kuti wafa. Koma iye sanamve, kapena anamva koma sanafune kuima. Anapitiriza, dzanja pa bondo, phewa likukwera ndi kutsika, mpaka anaponda thumbalo. Mmodzi mwa anyamata a kabaza anayamba kumuyeserera kayendedwe, anzake awiri n'kuseka. Sanali ambiri, koma kuseka kwawo kunamveka bwalo lonse. Sindinalimbe mtima kuyang'ana kumene kunali mayi ake.

Atabwerera ndinagwada pafupi naye. Ankapuma mwabefu, milomo itauma.

"Ukufuna kupuma? Palibe amene akukakamize."

"Ndinapupuluma, Madamu. Ulendo uno ndimenya bwino."

Nthawi yake yachiwiri inafika timu inayo ikutitsogolera ndi zigoli zitatu. Ana athu awiri anali pa mabezi. Malamulo ankapatsa mwana mwayi katatu. Koyamba anamenya kachipilala, mpira unagwa pamapazi pake. Kachiwiri chimodzimodzi. Mnyamata wa kabaza uja anaimba mluzu. Mtsikanayo anaika chibonga pansi, anawongola yekha kachipilalako, anakatsitsa pang'ono, n'kupukuta manja. Ine ndinatseka maso, ndiye mpirawo sindinauone ukunyamuka. Ndinangomva kulira kwake, kenako mfuu. Potsegula maso ndinaona ana atatu a timu inayo akuthamangira kumsewu, kumene mpira unagwera m'ngalande ya udzu wautali.

Iye anawerama n'kuika chibonga pansi bwinobwino monga ndinawaphunzitsira, ndipo ndinafuna kukuwa kuti achisiye azipita. Anayamba ulendo. Ana athu awiri aja anadutsa n'kugoletsa iye ali pakati. A timu inayo anaupeza mpira, anauponya, wina anaugwetsa, anautolanso. Atatsala mapazi atatu phazi lake linaterereka, anagwa ndi bondo la mwendo wabwino uja. Sanadzuke. Anakwawa ndi manja n'kumenya thumbalo ndi chikhatho, mpira n'kufika pambuyo pake. Woyimbira anatambasula manja kuti wapulumuka. Msuweni wake ananyamuka kuchokera pamenepo. Amayi a zitumbuwa analulutira, ndipo ndinamva mmodzi akukalipira mnyamata wa kabaza uja kuti achoke ngati alibe chochita.

Tinagonja ndi chigoli chimodzi. Ndili kusonkhanitsa ana, ndinaona mayi aja akumukweza mwana wawo pa njinga, bondo atalimanga ndi mpango wa kumutu. Sananditsanzike.

Lolemba malo ake pafupi ndi zenera anali opanda munthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Msuweni wake anangoti bondo latupa. Ndinkaphunzitsa masamu maganizo ali kwina. Mwana amene anali ndi mwendo umodzi wodalirika, ine ndinali nditamupweteketsa womwewo. Ndinkaganiza kuti mwina fupa lathyoka, mwina mayi ake amuletsa sukulu, mwina abwera ndi achibale kwa ahedi. Lachitatu titaweruka ndinapempha msuweniyo kuti andilondolere kwawo.

Mtsikana uja ndinamupeza atakhala pakhonde, mwendo atautambasula pa mphasa, akusankha nyemba m'lichero. Mayi ake anatuluka, anandipatsa mpando, ndipo tinapatsana moni wonse monga mwa mwambo. Ananena kuti anapita naye kuchipatala, fupa lili bwino, angofunika kupuma sabata imodzi. Ndinapepesanso. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, aphunzitsi," anatero. "Tsiku lija ndikanalankhula, ndikanalankhula zoipa. N'chifukwa chake ndinangochoka."

Analowa m'nyumba. Mtsikanayo anadikira kuti alowe, kenako anandifunsa chapansipansi, "Madamu, amene anatiwina aja tidzakumana nawonso liti?"

Ndisanayankhe, mawu a mayi ake anachokera m'katimo: "Yamba wafunsa bondo lakolo!"

Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ayi. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo zinali zoona. Anabwerera kusukulu sabata yotsatira. Mayi ake ndinkakumana nawo ku Nsipe ndikapita kumsika, ankandipatsa moni mwaulemu koma mwachidule, ndipo zinakhala choncho mpaka chaka chinatha.