Kamera Yaing'ono Imene Ndinagula ku Lusaka

Ntchito yojambula mavidiyo ndinaiyamba ndi foni, nditatopa ndi malonda a nsomba zouma pa Feira. Maliro oyamba amene anandiitanira anali ku Mphuka. Ana a malemuwo anali ku Tete, ndipo madzi a Zambezi atadzaza analephera kufika. Ndinajambula zonse mpaka kumanda n'kuwatumizira.

Mawa lake mwana wamkazi wa malemuwo anandiimbira.

"Achimwene, bokosi taliona, anthu tawaona. Koma amalume pamanda paja ananena chiyani? Tikungomva mphepo."

Amalumewo anali atayankhula nthawi yaitali, akulira.

Nditasonkhanitsa kangachepe, ndinakwera basi ya ku Lusaka. Mushopu ina wogulitsa ananditsitsira kamera yaikulu yonyamula paphewa. Mtima unaikonda, chifukwa kwathu munthu wa kamera yaikulu amamupatsa njira ndi mpando. Koma ndikanaigula sindikanatsala ndi kanthu kogulira china. Ndinamufunsa ngati ingapirire kutentha kwa m'chigwa chathu, ndiponso kuti batire lake limakhala bwanji kumene kulibe malaiti. Anayankha mosabisa kuti silichedwa kutha.

Ndinatuluka n'kukakhala pakhonde, kenako ndinabwerera. Ndinasankha kamera yaing'ono yogwirapo kale ntchito, yokalika pambali, miyendo yoimikapo, mabatire apadera, kasola kotchajira, ndi maikolofoni yovala ubweya wotchinga mphepo.

Kunyumba ena anandiseka. Paukwati wina bambo a mkwati ataiona anati, "Kamera yake ndi kameneka?" Maukwati angapo anapita kwa mnzanga wa ku boma amene anali ndi yaikulu. Zinandiwawa, sindinama.

Chaka chomwecho mayi wina anabwera panjinga kuchokera ku Katondwe kudzandipempha kuti ndikajambule. Amuna awo, mkulu wobadwira kutsidya ku Mozambique, anali atatuluka m'chipatala opanda chiyembekezo, ndipo ankafuna kutsanzikana ndi mlongo wawo wa ku Zumbo, kutsidya komweko, amene sankathanso kukwera bwato.

Bambowo ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa masau. Mawu awo anali otsika kwambiri moti ndinachita kugwada kuti ndiwamve. Ndinawapanikiza maikolofoni pakolala ya shati.

"Mwana wanga, ndiyang'ane kuti?" anafunsa.

"Yang'anani ine, atate. Muziyankhula ngati mlongo wanu ali pano."

Anayankhula m'Chikunda, pang'onopang'ono. Anatchula munda wa mapira wa amayi awo, anapepesa kuti sanabwerere nkhondo itatha, kenako anayamba nyimbo ya kutchalitchi koma mpweya unawathera pakati. Akazi awo anaimaliza.

Bambowo anamwalira mvula isanagwe. Vidiyoyo ndinaiwolotsa ndekha, kamera nditaikulunga m'pulasitiki pachifuwa. Mlongo wawo anaionera atakhala pakhomo, dzanja lili pakamwa. Itatha anandifunsa ngati ndadya, n'kutuma mpongozi wawo kuti andiwotchere nsomba.