Kupuma kasanu pakhonde la a Sumaila

A Sumaila anafika ku Lilongwe mu 1969 kuchokera ku Salima, ali ndi mkazi wawo a Zubeida komanso kabokosi ka zipangizo. Anapeza malo pakhonde la sitolo ya a Dilip ku Old Town, n'kuyamba kukonza mawotchi. Anali munthu wanthabwala. Ukawabweretsera wotchi yakufa ankayamba aiika pakhutu, n'kukupepesa ngati kuti wafedwa, kenako n'kuphulika chiseko.

Mwana anali ndi mmodzi yekha, Tausi, yemwe anabadwa atadikira zaka zisanu ndi zitatu. Tausi anamwalira ndi chikuku mu 1981, ali ndi zaka zinayi.

Atabwerera pakhonde paja, manja awo ankanjenjemera. Tizitsulo ta m'wotchi tinkawapulumuka n'kugwera m'fumbi. Kumzikiti ankapitabe, koma ankangopemphera ndi pakamwa, mtima uli kumanda. A Shehe anawalangiza kuti m'mawa uliwonse azikhala chete n'kumatchula dzina la Mulungu pa mkanda uliwonse wa tasibi mpaka kumapeto. Sankafika ngakhale pakati, ndipo kulepherako kunkawachititsa manyazi.

Amayi ake a Dilip, mayi Chandrika, anali gogo wamasiye wovala zoyera, wokonda kukhala pampando pafupi ndi khomo la sitolo. Tsiku lina anaona a Sumaila akukwawa pansi kufunafuna kachitsulo, misozi ili m'maso.

"Bambo a Tausi," anaitana motero.

A Sumaila anadzidzimuka. Chichitikireni maliro, aliyense ankapewa kuwaitana ndi dzina limenelo.

"Khalani pabenchi. Manja muike pamaondo. Pumani, muwerenge kamodzi. Mupumenso, kawiri. Mpaka kasanu."

"Basi, amayi?"

"Basi."

"Nanga maganizo akapita kwa mwana?"

"Apite. Musawakalipire. Mukazindikira, yambiraninso pa kamodzi. Ine amuna anga atamwalira ndinatha chaka ndisanafike pa kasanu."

"Koma chipembedzo chathu n'chosiyana."

"Mpweyawo ndi wanu. Dzina la Mulungu wanu muikepo nokha."

Tsiku loyambalo anafika pa katatu n'kulira mokweza, mpaka anthu odutsa anaima. M'mawa mwake anayesanso asanatsegule kabokosi. Patapita miyezi anatenganso tasibi, n'kumagwira mikanda isanu yokha. A Shehe atamva sanatsutse. Manja sanachiriretu, koma ntchito inayamba kutheka. Nthabwala zokha sizinabwerere.

Mu 1986, Loweruka lina, kunabwera a Bonaventure, kalaliki wa pa ofesi ina ku City Centre, amene ankakhala ku Area 15. Anatulutsa wotchi yosweka galasi.

"Ndi ya achimwene anga," anatero, maso ali kumsewu.

"Iwowo ali kuti?"

A Bonaventure anatsitsa mawu. Achimwene awowo, a Paxton, anali mphunzitsi. Anthu atatu anabwera ndi galimoto kusukulu n'kuwatenga ana akuona, ndipo wotchiyo inagwa pokwezedwa m'galimotomo. Panali patatha miyezi inayi popanda wodziwa kumene ali. Kufunsa kunali koopsa. Kuntchito anzawo anasiya kudya nawo limodzi.

"Mutu wanga sukuima, bambo. Ndikataipa kalata ndimapeza ndalemba dzina lawo."

A Sumaila anasuntha n'kuwapatsa malo pabenchi. Anawauza zomwe anauzidwa zija, osawonjezera kanthu.

"Kodi maso nditseke?"

"Ngati mukuopa, musatseke. Yang'anani nsapato zanuzo."

"Ine ndine Mkatolika."

"Amene anandiphunzitsa ine ndi Mhindu. Pumani."

Kuyambira pamenepo a Bonaventure ankabwera Loweruka lililonse. Wotchi ija anaikonza sabata yoyamba yomwe, koma a Sumaila ankaisiya patebulo ili chitsegulire kuti wofunsa aone kuti mlendoyo akudikira katundu wake. Anthu awiriwo ankangokhala, njinga ndi mabasi zikudutsa. Sankakamba zambiri, ndipo panalibe mawu oti munthu akawanenere.

Patatha zaka ziwiri, bokosi la maliro linafika kwa a Bonaventure litakhomedwa kale misomali. Anauzidwa kuti asalitsegule komanso kuti maliro asachuluke anthu. Anakaika m'bale wawo kumudzi, anthu osakwana makumi awiri.

Atabwerako anafika pakhonde ataonda. Anakhala pabenchi, n'kuyesa, n'kupukusa mutu.

"Ndalekezera pa kawiri. Zonse zija zapita pachabe."

"Kawiri n'kokwanira lero," anatero a Sumaila. "Nkhope yawo munaiona?"

"Ayi."

A Sumaila anagwira dzanja la mnzawoyo, ndipo anakhala choncho mpaka a Dilip atayamba kutseka sitolo.

Mayi Chandrika anamwalira chaka chotsatira. A Sumaila anaperekeza maliro n'kuima chapatali, atavala mkanjo wawo wa Lachisanu. Pofika 1991 maso awo anali atachita ng'ala moti sankaonanso manambala a pawotchi. A Zubeida anagulitsa zipangizo n'kuwatengera kwawo ku Salima, kumene a Sumaila anamwalira mvula itangoyamba.

Uthenga unawapeza mochedwa a Bonaventure, poti Asilamu amaika maliro tsiku lomwelo. Anakwera basi patatha milungu itatu. A Zubeida anawalandira pamkeka, ndipo atamva dzina lawo anati, "Ndinu a Loweruka aja? Ankakutchulani." Kenako anatuma mlongo wawo kuti akawaonetse manda.