Anasimbi ndi huva yobwereka

Khomo loyang'anana ndi langa, pamwamba pa masitepe, ndi la mayi amene tonse timawatchula kuti Anasimbi. Dzinali linachokera ku ntchito yawo. Amasita nsalu pamalo ena ochapira zofunda za m'mahotela, ndipo simbi anayamba kuigwira ali mtsikana, moti dzanja lawo lamanja lili ndi tizipsera tambirimbiri. Kunyumba amasita chilichonse: nsalu za mapilo, zopukutira mbale, ngakhale kansalu kophimbira wailesi. Ukalowa m'nyumba mwawo umayamba wadziyang'ana kumapazi.

Ukhondo umenewu uli ndi pomwe unayambira. Tsiku lina tikuyanika zovala anandiuza kuti ali wamng'ono, mphunzitsi wina anawaimika kutsogolo kwa kalasi n'kuwafunyulula tsitsi ndi pensulo kuti anzawo aone nsabwe. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndimadziwa kuti mwana saiwala zotere. Makolo atamwalira, Anasimbi analera okha mlongo wawo wamng'ono. Panyumba pankatha kusowa zambiri, koma yunifomu ya mnyamatayo sinkapita kusukulu yosasita.

Mnyamata uja anakula, pano amayendetsa basi. Anakwatira mtsikana amene ndinamuphunzitsapo, wansangala, woseka mokweza, amene makope ake ankakhala opindika m'makona koma mayankho ali olondola. Anasimbi amamukonda mlamu wawoyu, kungoti chikondi chawo chili ndi maso akuthwa. Akapita kukacheza, kapu amayamba aitsuka asanamweremo tiyi. Mtsikanayo amangoseka, koma amaona. Mwana atabadwa m'banjamo, kamtsikana konenepa m'masaya, azakhali ake anafewa ndithu. Ndi iye yekha amene amaloledwa kuwadonthezera malovu pa bulauzi.

Zomwe ndikulembazi anandifotokozera okha patapita nthawi, maso ali pansi.

Nyengo yotentha itafika, Anasimbi anayamba kuvala malaya a manja aatali. Pamikono pawo panali patatuluka tizilonda toyabwa, tondandalikana m'mizere. M'mawa wina akuyala bedi anaona timadontho ta magazi pa shiti yoyera. Anatukula msoko wa matiresi, n'kupeza zomwe ankaopa: nsikidzi. Kaya zinabwera ndi mpando wa sofa umene anagula kwa munthu wosamuka, kaya ndi matumba a zochapa a kuntchito, mpaka lero sadziwa. Sanauze munthu. Anagula mankhwala opopera, anawiritsa zofunda, anasita misoko ya matiresi ndi simbi yotentha. Nsikidzi zinkasowa masiku angapo n'kubweranso.

Kenako anakumbukira huva, makina aja oyamwa fumbi, imene mlongo wawo anagula mwana atayamba kukwawa. Anaimbira foni mlamu wawo.

"Alamu, mundibwerekeko huva yanu ija. Kapeti yanga yachita fumbi."

"Fumbi kwa inu?" mtsikanayo anaseka. "Lalowera pati? Linagogoda?"

"Musandiseke, inu."

"Katengeni, alamu. Komatu masiku ano ikungolira, kukoka sikukoka."

Anaitenga. Anayendetsa kamwa lake m'misoko ya matiresi, kuseri kwa bedi, m'makwinya a sofa, m'mphepete mwa khoma. Atamaliza anatsegula kachidebe ka fumbi kuti akhuthulire m'thumba, n'kuona fumbilo likuyenda. Makinawa anali oti abwerera kunyumba kumene mwana amakwawa pa kapeti, n'kumaika m'kamwa chilichonse chimene watola.

Loweruka m'mawa anakhoma chitseko, anazula pulagi pakhoma, n'kuyala manyuzipepala pansi m'khitchini. Anali asanamasulepo makina alionse, koma dongosolo ndiye amalidziwa: chochotsa poyamba anachiika kumanzere, chotsatira pambali pake, kuti pobwezera ayambire kumanja. Kachidebe ka fumbi anakatsuka ndi madzi otentha a sopo. Sefa inali itatsekeka mpaka kulimba ngati chikopa. Anaigogoda m'thumba la pulasitiki, anaichapa, n'kuiimika pawindo padzuwa. Payipi yopindapinda ija anaigoneka m'bafa n'kuthiramo madzi a m'ketulo. Madziwo anatuluka akuda bii, pamwamba pakuyandama timitembo tofiirira.

Kumutu kwa huva, kumene kumakhala burashi yozungulira, kunali komanga ndi masikuluwu. Sikuludiraiva analibe, choncho anagwiritsa ntchito nsonga ya mpeni wopakira buledi, masikuluwuwo n'kuwaika m'kambale ka tiyi kuti asagubuduke. Burashiyo inali itakulungidwa ndi tsitsi lolukira la mlamu wawo, ulusi, ndi kariboni ka mwana. Likanakhala tsiku lina akanapukusa mutu n'kunena za atsikana a masiku ano. Tsiku limenelo anangodula zonsezo ndi lezala. Anapezanso chimene chinkalepheretsa makinawo kukoka: pakhosi polowera payipi panali patatsamwa sokosi ya mwana, ndipo kalamba karabala kozunguza burashi kanali katavuka pa kagudumu kake. Anakakoka ndi zala ziwiri n'kukabwezera.

Pomaliza anamasula chivundikiro chachikulu. M'katimo munali injini, mawaya, ndi gudumu lokulungira chingwe cha magetsi. Umu simunali mothira madzi. Anaunika ndi tochi ya pafoni, akupukuta ndi mswachi wakale pang'onopang'ono. Ndiye anaiona: nsikidzi imodzi yaphwatalala, ikuyenda mosafulumira. Asanaigwire inalowa m'kampata kuseri kwa gudumu lija. Anatokosa ndi singano, anagogoda, anatembenuza makinawo chadodolido n'kuwagwedeza. Sinatuluke.

Anakhala pansi pa manyuzipepala paja kwa kanthawi. Dzuwa litapendeka zonse zinali zitauma, ndipo anamanga huva ija chimodzichimodzi kuyambira kumanja. Palibe sikuluwu inatsala m'kambale. Atayatsa, inakoka mwamphamvu mpaka kumeza ngodya ya nyuzipepala. Inkawala ngati yatsopano. Munthu sakanadziwa kanthu.

Anandiuza kuti pa nkhani yonseyi, chimene chimawachititsa manyazi kwambiri ndi chimene anachita kenako. Anakulunga chingwe bwinobwino, akudziuza kuti mwina inali imodzi yokha, mwina yafa ndi kutentha kwa injini. Ndipo anaiimika pafupi ndi chitseko, yokonzeka kubwerera kwa eni ake.

Posakhalitsa kunamveka kugogoda. Anali mlamu wawo, mwana ali kumbuyo, chikwama cha zogula chili m'manja.

"Odi kuno! Ndivule nsapato zokha, kapena ndi mapazi omwe?"

"Lowani, alamu," anatero Anasimbi, mawu ali pansi.

"Ndadzera huva ija. Mawa kukubwera alendo a alongo anu, nyumba ili ngati mwagona mbuzi." Anaima n'kuyang'ana makinawo. "Iii! Iyi ndi yathu ija? Mwaisita kodi?"

"Ndangoitsukako. Munatsamwa sokosi ya mwana."

"N'chifukwa chake! Ine kumawanena alongo anu kuti anagula chakufa." Analumikiza pulagi, n'kuika chikhatho pakamwa pa payipi. Chikhathocho chinamatirira, iye n'kuseka. "Alamu, simbi isiyeni, mutsegule shopu yokonza makina. Ine ndizidzalandira makasitomala."

Phokosolo linadzutsa mwana, ndipo anayamba kulira. Amake anamugwira kumatako n'kuti, "Wanyowetsa uyu." Anamumasula, n'kulunjika kuchipinda monga amachitira nthawi zonse. Anali atawerama kale kuti amugoneke pa bedi.

"Osamugoneka pamenepo!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene Anasimbi ankafunira. Mwana anadzidzimuka n'kulira kwambiri. Amake anaweramuka pang'onopang'ono.

"Nsalu yoyalapo ndili nayo, alamu. Saononga."

"Ayi, si zimenezo. Mumusinthire patebulo, m'khitchini."

"Patebulo."

Mtsikanayo anawayang'ana, ndipo kuseka konse kunachoka pankhope pake.

"Alamu, kapu mukatsuka kwathu ndimangoseka. Pampando mukayamba mwakuntha musanakhale, ndimangoseka. Koma uyu ndi magazi anu. Nayenso wasanduka wauve?"

Mlamu wawo anabereka mwana uja ndi thewera lonyowa lomwelo, anamanga nsalu mwamphamvu, anazula pulagi n'kugwira huva pachogwirira.

"Zikomo potikonzera. Tapita."

Njira yothawira inali yotseguka. Akanangokhala chete, mlamu wawo akanapita akuganiza kuti ndi kunyada, ndipo kutchedwa wonyada Anasimbi anakuzolowera kalekale. Mawu enawo ndi amene anali asanawatchulepo m'nyumba mwawo. Timatayala ta huva tinagunda pakhomo. Kaphazi ka mwana kankalendewera kunja kwa nsalu, kopanda sokosi, kofewa.

"Alamu, isiyeni huvayo."

"Nanga nayonso yatani? Mwatilanda?"

Anasimbi anamasula batani la pamkono n'kupinda malaya mpaka m'chigongono. Anatambasula mkonowo osayang'ana mlamu wawo.

"Muno muli nsikidzi."

"Mwati chiyani?"

Anayenera kubwereza, ndipo kachiwiriko kanawawa kuposa koyamba.

"Nsikidzi. Pa bedi, pa sofa. Za kapeti zija ndinakunamizani. Huvayo ndatsuka monse, koma imodzi yalowa m'kati, ndaiona ndi maso angawa. Ndalephera kuitulutsa."

Mtsikanayo anasiya chogwirira ngati chamuotcha. Anatuluka chambuyo mpaka pakhonde, anamasula mwana, anamuyang'ana m'khosi, m'makwinya a miyendo, kuseri kwa makutu. Anakutumula nsalu yoberekera, anasuzumira m'chikwama. Anasimbi anaima pakhomo akuonerera mwana wa mlongo wawo akufufuzidwa chifukwa cholowa m'nyumba mwawo.

"Ndikanapanda kufuna kumugoneka pa bedi paja," anafunsa mtsikanayo, "huvayi mukanandipatsa?"

"Munali mutaigwira kale."

"Ndikufunsa inu, alamu. Mukanandipatsa?"

"Sindikudziwa. Mwina ndikanakupatsani."

Mwana anali atasiya kulira, akuyamwa chala.

"Zinayamba liti?"

"Kutangoyamba kutentha."

"Ndiye Lamulungu lija munabwera kwathu, munakhala pa bedi lathu mwana ali pamiyendo."

"Zovala ndinali nditasita, misoko yonse, kunja ndi m'kati."

"Zoti munasita ndikudziwa," anatero mtsikanayo, n'kuusa moyo. Anayala nsalu pa chikwama chake pakhonde pomwepo, anagwada n'kuyamba kusintha mwana thewera. Ankayankhula osadzutsa mutu. "Ku hositelo tinkagona nazo chaka chonse, ife ndi ana a mabwana omwe. Zimaluma wosamba ndi wosasamba. Chikundiwawa ine si nsikidzi ayi. Munaona kuti ndi bwino ndizipita ndikulira kusiyana ndi kundiuza."

Anasimbi anagwira mphuthu ya chitseko.

"Huvayo muikulunge m'pulasitiki wakuda, mumange zolimba, izikhala padzuwa. Kwathu isabwere mpaka ine nditanena. Alendo a mawawo ndisesa ndi tsache, safa. Muitane anthu opopera mankhwala, zopopera nokhazi mwaona kuti sizikuthandiza. Ndipo aneba muwauze, izi zimadutsa m'makoma."

"Aneba?"

"Eya, aneba. Nanga alongo anu, ndiwauze ine kapena inu?"

Apa Anasimbi anaganizira mlongo wawo uja. Mnyamata amene ankamuyendera m'makutu ndi kansalu m'mawa uliwonse.

"Ndiwauza ndekha."

"Lero."

"Lero."

Mtsikanayo anamanga thewera, ananyamula mwana n'kuimirira. Kamtsikanako kataona azakhali ake kanaseka, kanatambasula timanja tonse tiwiri, kakudziponya kutsogolo. Anasimbi nawo anatambasula manja mwachizolowezi. Kenako anayang'ana malaya awo, anayang'ana mlamu wawo, n'kubweza manjawo kumbuyo. Mlamuyo sanawakakamize.

"Tsanzika azakhali," anauza mwanayo, akumugwedeza kadzanja. "Uwauze kuti adzakunyamula akachira."

Anatsika masitepe, mwana akucheukabe. Atafika pokhotera anaima n'kuyankhula osatembenuka.

"Lachitatu ndibwera ndekha, tidzatulutse matiresiwo padzuwa. Nokha simungathe. Mundisungire diresi lakale loti ndidzavale."

"Chabwino, alamu."

Mapazi aja atasiya kumveka, Anasimbi anakokera huva m'nyumba. Anatenga thumba lalikulu lakuda pansi pa sinki, anailowetsamo yonse, payipi ndi chingwe chomwe, n'kumanga pakamwa mfundo ziwiri. Kenako anakhala pa mpando wa m'khitchini, foni ili m'manja, akudikira nthawi imene mlongo wawo amaweruka.